Kusankha nyali yotsika mtengo yopalasira njinga usiku m'tinjira ta fumbi ku Joni

Mwezi wa Meyi ukangolowa, tsiku ku Joni kuno limayamba kufupika moonekeratu. Pofika mu Juni dzuwa limalowa nthawi isanakwane 5:30 madzulo, m'mawa n'kudzatuluka cha m'ma 7 koloko. Wopita kuntchito ya m'gadeni ku Fourways kuchokera ku Diepsloot amanyamuka kuli mdima wa ndiweyani. Mlonda wa ku Cosmo City amapalasa mumdima popita kapena pobwera. Ngakhale amene amangokonda kukathamangitsa njinga m'mbali mwa mtsinje wa Braamfontein Spruit akaweruka, dzuwa silimudikira. Onsewa amakumana pamalo amodzi: kanjira ka fumbi kopanda magetsi a mumsewu, kodzaza miyala, mizu, ngalande zokumbidwa ndi mvula, mabotolo osweka, ndi maenje a mapaipi omwe zivundikiro zake zinabedwa kalekale.

Pamsewu wa phula nyali imagwira ntchito yoti anthu akuoneni. M'tchire ntchito yake ndi yoti inuyo muone. Nyali zambiri zotchipa zinapangidwira ntchito yoyambayo, n'chifukwa chake munthu amagula nyali yowala ngwee m'sitolo koma akafika nayo pamtsetse wa miyala amangoona ngati wanyamula koloboyi. Nyali yabwino yotsika mtengo ilipo ndithu. Kungoti ndalama zanu zipite ku batire ndi ku chomangira, osati ku nambala yaikulu yolembedwa pakatoni.

Yambani ndi ulendo wanu, sitolo ibwere pambuyo

Musanagwire chikwama, dziwani kutalika kwa nthawi imene mumakhala mumdima. Muiwale makilomita, werengani mphindi, kupita ndi kubwera, ngati kuntchito kulibe potchajira. Mukapeza nthawiyo muonjezerepo theka lake, poti tayala limaphulika, tcheni chimaduka, ndipo kumata chubu usiku kumadya magetsi a nyali yomweyo. Wopalasa ola limodzi afunika nyali yopirira ola ndi theka pa kuwala kumene amayendera.

Kenako liwiro. Pa makilomita 20 pa ola, njinga imadutsa mamita oposa 5 pa sekondi iliyonse. Pa makilomita 30 pa ola, pamtsetse, ndi mamita oposa 8. Mukaona dzenje, mugwire mabuleki, tayala likhwekhwereke pafumbi, masekondi atatu atha. Choncho wothamanga ayenera kuona bwino mamita 25 kutsogolo, pamene woyenda mofatsa ndi katundu pa kaliyala mamita 10 kapena 15 amukwanira.

Kuwala kwa nyali amakuyeza m'malumeni. Mwa kuona kwanga, kanjira ka fumbi kosalala koyenda modekha kamafuna malumeni enieni 500 mpaka 800. Kanjira kokhotakhota ka miyala ndi mizu, kopita mothamanga, kamafuna 1000 mpaka 1500. Kuposera apo n'kwa anthu a mpikisano, ndipo mtengo wake ndi wina.

Nambala za pakatoni muziziwerenga ndi diso lachiwiri

Ndati malumeni enieni chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa. Nyali zotchipa zambiri zimalembedwa kuti zili ndi LED ya Cree XM-L T6. Kababu kameneka kakakankhidwa mpaka pamapeto kamatulutsa malumeni pafupifupi 1000, ndipo galasi ndi kutentha zimadyako ena. Ndiye mukaona nyali ya diso limodzi yolembedwa malumeni 5000 kapena 10000, dziwani kuti wolembayo amangosewera ndi maziro. Sikuti nyaliyo ndi yachabechabe nthawi zonse, ayi. Mwina imatulutsa 600 ndipo ingakutumikireni. Koma amene wanama pa kuwala wanamanso pa batire, ndipo kumeneko n'kumene kumapweteka.

Pali kasamu kophweka koti muchite pafoni muli m'sitolo momwemo. Nyali ya LED imadya pafupifupi mawati 10 kuti itulutse malumeni 1000. Batire lofala m'nyali zimenezi ndi lija la lithiamu lotchedwa 18650, looneka ngati batire la tochi lalitali, la mamilimita 18 m'mimba ndi 65 m'litali, la mavoti 3.7. Chulukitsani mAh (nambala ya pabatire yosonyeza magetsi amene limasunga) ndi mavoti, mugawe ndi 1000, mupeza mawati amene lingapereke kwa ola limodzi. Batire la 2600 mAh likupatsani 9.6, kutanthauza kuti pa mawati 10 silikwanitsa ndi ola lomwe. Katoni ikamati malumeni 1000 kwa maola 4 pa batire limodzi lotere, chimodzi mwa ziwirizo n'chabodza. Nthawi zambiri maola alembedwawo ndi a kuwala kotsikitsitsa, kapena a kuphethiraphethira, komwe m'tchire kulibe ntchito.

Dziwaninso kuti 18650 weniweni sapitirira kwenikweni 3500 mAh. Olembedwa 6000 kapena 9900 mAh ndi afeki onse. Mukawanyamula m'manja mumamva kupepuka, pamene weniweni amalemera magalamu 45 kapena kuposerapo pang'ono. Nyali zatsopano zina zimabwera ndi batire lokulirapo la 21700, la pafupifupi 5000 mAh, ndipo mukaipeza yotere pamtengo umene mungathe, musazengereze.

Kampani yoona mtima imalemba maola a mulingo uliwonse wa kuwala padera: wapamwamba mwakuti, wapakati mwakuti, wotsika mwakuti. Ikangolemba nambala imodzi yaikulu basi, ibwezeni pashelefu.

Ya batire la mkati kapena ya kachikwama

Nyali zilipo za mitundu iwiri. Ina ili ndi batire mkati mwake, imatchajidwa ndi chingwe cha USB ngati foni. Ina ndi kamutu kakang'ono kokhala ndi nthambo yopita ku kachikwama ka mabatire anayi komangirira pa felemu.

Kwa wopita kuntchito ndimalimbikitsa ya USB. Mumaichotsa n'kuiika m'thumba mukafika, mumaitchaja paliponse, ngakhale pa pawabanki magetsi a Eskom akathima. Sankhani ya USB-C, chingwe chake sichisowa. Ngati mukuganiza zodzatumiza ina kumudzi kwa achimwene a kabaza, ndi yomweyinso, chifukwa imatchajika pa sola. Vuto lake n'loti pa kuwala kwapamwamba imangopirira ola limodzi kapena awiri, ndipo batire likafa m'nyali yomatidwa, nyali yonse yafa. Zilipo zina zotsegula kumbuyo n'kusintha batire, zimenezo n'zabwino koposa.

Ya kachikwama ndi ya maulendo aatali. Mabatire anayi abwino a 2600 mAh amasunga pafupifupi kanayi kuposa limodzi, ndiye malumeni 1000 kwa maola atatu ndi kupitirira n'zotheka. Koma pa nyali zotchipa kachikwamako ndiye pobisalira chinyengo, poti mabatire ali mkatimo simuwaona. Zambiri mwa izi ndi za mavoti 8.4 ndipo zimafuna chaja yakeyake, ya foni siigwira. Yang'anani polumikizira nthambo: pakhale pothina, pokhala ndi mphira kapena popotokola, chifukwa pamabampu polumikizira pogwedera pamazimitsa nyali mwadzidzidzi.

Za dainamo ija yokhuza tayala, imene tinakula nayo kwathu, muisiye. Imatulutsa mawati atatu okha, ndipo mukafika pachitunda kapena pamchenga n'kuchepetsa liwiro, nayonso imafooka, pomwe ndi pamene mukufunitsitsa kuona.

Ziwiri zapakati zimaposa imodzi yaikulu

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ambiri. Munthu ali ndi R800, amafuna aithere yonse pa nyali imodzi yamphamvu. Ine ndimati gawani: gawo lalikulu pa nyali ya pahandulo, lina pa kanyali ka pachipewa choteteza mutu, kotsalako pa kofiira ka kumbuyo.

Nyali ya pahandulo imaunika kumene tayala laloza. Pakona, inu maso ali kale kumene njira ikukhotera, koma nyali ikuunikabe udzu wa kutsogolo. Ya pachipewa imatsata maso anu: imaunika pakona musanafikepo, imaona nthambi yolendewera, imaona galu kapena munthu waima pambali, ndiponso imakusiyirani manja onse awiri pokonza tayala. Koma payokha siikwanira. Chifukwa ili pafupi ndi maso, mithunzi ya miyala imabisala kuseri kwa miyalayo, njira n'kumaoneka yosalala pomwe ili ndi zigwembe. Ya pahandulo ili pansi, imatalikitsa mithunzi, ndipo mithunziyo ndi imene imakuuzani kuti apa pali dzenje, apa pali muzu. Choncho yamphamvu ikhale pahandulo, yocheperapo pamutu. Chifukwa china n'chosavuta: imodzi ikazima pakati pa mtsetse, inayo ikufikitsani pansi muli wamoyo.

Ndalama zikavuta, yambani ndi ya pahandulo ndi yofiira. Tochi ya pamphumi imene alonda ambiri ali nayo kale itha kugwirizira pachipewa mpaka malipiro a mwezi winawo. Ya pachipewa ikhale yopepuka, yosapitirira magalamu 150, apo ayi khosi limva. Imangidwe ndi lamba wodutsa m'mabowo a mphepo. Chipewa musachiboole, mwachifooketsa. Paja muno mu South Africa lamulo likuti wopalasa njinga pamsewu avale chipewa choteteza mutu, ndipo lakhala lili choncho kuyambira 2004.

Iyatseni pakhoma musanalipire

Pemphani kuti aiyatse, muilozetse pakhoma muli kutali mamita atatu kapena anayi. Ya pahandulo iyenera kumwaza kuwala mokulira, kuzilala pang'onopang'ono cha m'mbali. Mukaona kadontho koyera mbee pakati, kuzungulira kwake kuli bii, imeneyo ndi tochi yofunira mbuzi, si nyali ya njinga. Maso amazolowera kadonthoko, m'mbali osaonanso kanthu. Matochi okoka kutsogolo aja, otulutsa kuwala kwa makona anayi, ali m'gulu lomweli. Kadontho kothina n'kabwinoko pachipewa, koma nakonso kasathine kwambiri.

Mtundu wa kuwala anthu sauganizira, koma kuno uli ndi ntchito. Nyengo yozizira ya ku Joni ndi youma: fumbi, utsi wa udzu wotenthedwa, utsi wa malasha m'malokishi, ndiye mu Ogasiti mphepo imaonjezera fumbi la milu ya migodi. Kuwala koyera kopita ku buluu, kolembedwa 6500K, kumagunda fumbilo n'kubwerera m'maso mwanu. Kopita ku chikasu pang'ono, kwa pakati pa 4000K ndi 5000K, kumaonetsa bwino dothi lofiira ndi miyala. Pa nyali zotchipa mwayi wosankha umachepa, koma ukapezeka tengani chachikasucho. Pafumbi lambiri, monga mukamatsatira mnzanu, chepetsani ya pachipewa poti ndi imene imathobwa kwambiri.

Dinani batani muone m'mene milingo imasinthira. Nyali zina zimakudutsitsani pa kuphethira ndi pa kuzima musanabwerere pa kuwala kwapamwamba. M'sitolo n'zoseketsa, pamtsetse si zoseketsa. Yesaninso kudina mutavala magolovesi, poti mu Julayi simupalasa manja ali pamtunda. Pakhalenso kagetsi kosonyeza batire latsala bwanji.

Thupi la nyali likhale la aluminiyamu, lokhala ndi timizere totayira kutentha. LED yamphamvu imatentha, ndipo nyali yabwino imadzichepetsa yokha ikatenthetsa. Ya pulasitiki yonena kuti ili ndi malumeni 1000 ilibe kotayira moto umenewo. Za madzi, yang'anani chilembo cha IPX. IPX4 imapirira madzi owaza, IPX6 imapirira madzi amphamvu, IPX7 imapirira kumira pa mita imodzi kwa mphindi 30. Mvula ya ziphaliwali ya kuno, ya pakati pa Okutobala ndi Malichi, siichenjeza, ndiye musatsike pansi pa IPX4, ndipo kachivundikiro ka mphira ka potchajira kazitseka zolimba.

Chomangira

Nyali zotchipa zambiri sizifa ndi babu, zimafa ndi chomangira. Pamabampu nyali imayamba kuwerama pang'onopang'ono mpaka kuunika tayala, kapena kapulasitiki kamathyoka, nyali n'kugwera m'udzu.

Mahandulo amasiyana kunenepa. Pakati pake ena ndi mamilimita 25.4, makamaka njinga zakale, ena 31.8, ena 35. Ngati mulibe choyezera, zungulizani kachingwe pomwe mudzamange nyali, mukayeze pa rula: masentimita 8 ndiye 25.4, masentimita 10 ndiye 31.8, masentimita 11 ndiye 35. Pitani kusitolo mukudziwa nambala yanu.

Chomanga ndi bawuti chimagwira kuposa cha mphira yokoka, makamaka nyali ikakhala yolemera. Cha mphira chimakwanira kamutu kopepuka ka nyali ya kachikwama. Chilichonse mwa izi chikamaterereka, dulani kachidutswa ka chubu chakale, mukulunge pahandulo, mumange pamwamba pake. Funsaninso ngati chomangiracho chimagulitsidwa pachokha. Ngati sichigulitsidwa, tsiku limene chidzathyoke mudzatsala ndi tochi ya m'nyumba.

Kogula, ndi zochita sabata yoyamba

Masitolo monga Decathlon, Sportsmans Warehouse ndi Cycle Lab amakhala ndi nyali zoyambira zamtengo wofikirika, ndipo mumatha kuzigwira m'manja. Pa Takealot, sitolo ya pa intaneti, mitundu ndi yambiri, koma werengani zimene ogula alemba zokhudza maola a batire, osati nyenyezi zokha. Mayina monga Magicshine, Ryder ndi Extreme Lights amadziwika pakati pa opalasa a muno. Zakaunjika zimapezeka pa intaneti, pa Bike Hub ndi pa Facebook Marketplace, kumene anthu amagulitsa nyali zabwino akagula zatsopano. Kumeneko mutu wa nyali nthawi zambiri umakhala wabwinobwino, chokalamba ndi batire, choncho nenererani mtengo ngati kuti batirelo mudzagula lina. Kumanani poyera, masana.

Kulikonse mungagule, tengani lisiti ndipo muijambule pafoni, poti inki yake imafufutika. Lamulo loteteza ogula la muno, Consumer Protection Act ya 2008, limapereka miyezi 6 yoti katundu wogula kwa ochita malonda wopezeka ndi vuto abwezedwe kuti akonzedwe, asinthidwe kapena mubwezeredwe ndalama. Wogula pa tebulo la m'mbali mwa msewu popanda lisiti, ufulu umenewu ndi wovuta kuutsata.

Mukafika nayo kunyumba, musathamangire kutchire. Itchajeni idzaze, muiike patsogolo pa fani kapena panja pomwe pali kamphepo, muiyatse pa mulingo umene mudzayendere, muyambe kuwerenga nthawi pafoni. Onani nthawi imene yayamba kufooka ndi nthawi imene yazimiratu. Nambala imeneyo ndiye yanu, ya pakatoni muiiwale. Muchotsepo kenakake chifukwa cha chisanu: Joni ali pamtunda wa mamita oposa 1700, m'mawa wa Juni ndi Julayi udzu umayera ndi chisanu makamaka m'zigwa za m'mbali mwa mitsinje, ndipo batire la lithiamu likazizidwa limatha msanga. Ngati nyali yalephera ndi theka lomwe la maola olonjezedwa, ibwezeni katoni ikadali yatsopano.

Pomanga, lozetsani pakati pa kuwala pansi, mamita 8 mpaka 10 kutsogolo. Nthambo ya kachikwama muisiyire mpata woti handulo ikhote mbali zonse osaikoka. Pokwera chitunda tsitsani kuwala, potsetsereka kwezani. Chizolowezi chokhachi chimatalikitsa moyo wa batire kuposa kugula lina. Mukaima, tsitsani, poti palibe mphepo yoziziritsa. Mukatulukira pa phula kapena mukakumana ndi oyenda pansi, weramitsani nyali ndipo musawayang'ane kumaso ndi ya pachipewa. Dalaivala wa tekisi wothobwa m'maso ndi ngozi kwa inu nomwe.

Kutsogolo kuwala kukhale koyera, kumbuyo kofiira. Tinyali ta buluu tothwanima tija musatiike, mtundu umenewo pamsewu ndi wa apolisi. Kofiira ka kumbuyo sikafuna ndalama zambiri, malumeni 20 mpaka 50 akwana. Kaikeni pomwe chikwama kapena katundu wa pa kaliyala sakaphimba, ndipo muzikapukuta matope. Poyenda pagulu kasamaphethire, mnzanu wa kumbuyo angachite chizungulire.

Moto ndi anthu

Ambiri a ife timagona m'kachipinda kamodzi ka kuseri kwa nyumba, kapena m'mkhukhu wa khomo limodzi. Batire la lithiamu likapsa silizimitsika ndi kapu ya madzi. Musalitchajire pabedi, pansi pa pilo kapena pafupi ndi khomo. Liikeni pasimenti, inu muli maso. Likadzaza zulani, ndipo magetsi akathima zulaninso, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu. Batire lotupa, lonunkha, lotentha kwambiri potchaja kapena lophwanyika pa ngozi, musaligwiritsenso ntchito. Ngati nyali ikhala miyezi osagwira ntchito, monga nthawi yotentha pamene kumada mochedwa, isungeni batire lili pakati, osati lodzaza kapena lotheratu, ndipo muziitchajako pakapita miyezi iwiri kapena itatu.

Nyali yowala imakuonetsani njira, komanso imaonetsa ena kuti mukubwera. Aliyense wokhala ku Joni akudziwa kuti m'mbali mwa mitsinje ndi m'tinjira ta chidule anthu amalandidwa njinga ndi mafoni. Usiku musapalase nokha ku Spruit kapena ku Delta Park. Wopita kuntchito apangane ndi anzake a njira imodzi, azinyamuka limodzi, ndipo wa kunyumba adziwe njira ndi nthawi yofikira. Malo otchingidwa ndi mpanda monga Northern Farm, Modderfontein Reserve ndi Thaba Trails ali ndi nthawi zawo zotsegulira ndi kutsekera, choncho funsani kaye ngati amalola kupalasa usiku ndi masiku ake musanapite.

Ulendo woyamba ndi nyali yatsopano ukhale wa njira imene mumaidziwa masana, muyambe kusanade kwenikweni kuti maso azolowere pamodzi ndi mdima. Tengani sipanala yomangira bawuti wa chomangira, chifukwa pakatha mabampu oyamba nyali imafuna kuikonzanso polozera, ndipo m'thumba mukhale kachidutswa kena ka chubu ndi tochi yaing'ono yapadera.